Mapapo Akachira, Mtima Umatsalira M'mbuyo: Zimene Wodi ya Covid-19 Inandiphunzitsa

Ndine namwino. Mu Januwale 2021, Covid-19 itabweranso ndi ukali, ndinali mmodzi mwa omwe anatumizidwa kuwodi ya odwala matendawa. Uwu ndi mwezi womwe nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinatisiya tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. Bwalo la zamasewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ku Zomba zinasanduka zipatala. Nkhani inali mpweya basi: masilinda atha, masilinda afika, akufuna kwabwino asonkha ndalama zogulira ena. Wodwala akayamba kupuma payekha tinkamutulutsa mwachimwemwe kuti bedi lipeze wina.

Lero ndimagwira ntchito kukiliniki ya BP, shuga ndi mtima, ndipo ena mwa omwe tinawatulutsa aja ndinakumana nawonso kumeneko, wina mapazi atatupa, wina akudandaula kuti mtima ukumudumpha. Mliri uja unazizira, koma kachiromboka sikanathe, ndipo fuluwenza ndi tizirombo tina toyambitsa chibayo tikugonekabe anthu m'zipatala. Nazi zomwe ndinatola m'wodi, kukiliniki ndi m'zomwe ofufuza apeza.

1. Mapapo akamavutika, wolipira ndi mtima

Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo nawo umafuna mpweya wa okosijeni, womwe umaulandira kudzera m'timitsempha tozungulira mnofu wake. Chibayo chikagwira mapapo, mpweya umachepa m'magazi. Nthawi yomweyo thupi latentha, ziwalo zonse zikufuna mpweya wochuluka. Mtima umayankha pothamanga: m'malo mogunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, umafika ka 120 kapena 130, usana ndi usiku. Zili ngati ng'ombe yokoka ngolo yomwe aionjezera katundu pachitunda, msipu ataichepetsera.

Palinso njira zina zomwe mtima umavulalira. Mbali yake ya kumanja ndi yomwe imapopera magazi m'mapapo, ndiye mapapo akatupa, kapena magazi akaundana m'mitsempha yake, mbali imeneyi imafufuma n'kufooka. Asilikali a m'thupi, polimbana ndi kachirombo, amatha kutupitsa mnofu wa mtima womwewo. Mafuta omwe akhala akumatirira m'mitsempha ya mtima kwa zaka amatha kung'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, mtsempha n'kutsekeka.

Mnofu wa mtima ukavulala umatayira m'magazi puloteni yotchedwa troponin. Kumayambiriro kwa 2020, madokotala a ku Wuhan ku China anaiyeza mwa odwala 416 ogonekedwa ndi Covid-19, ndipo 82 anapezeka kuti mtima wawo wavulala. Mwa 82 amenewa, oposa theka anamwalira. Mwa otsalawo, omwalira sanakwane 5 pa 100 alionse. Chiyambire kuwerenga zimenezi, wodwala chibayo aliyense ndimayamba ndamugwira pamkono kumva kugunda kwa mtima ndisanayang'ane china.

2. Fuluwenza nayo imachita zomwezo

Ambirife chimfine timachipeputsa: ndimu, jinja, Panado, mawa kumunda. Kwa mnyamata wathanzi nthawi zambiri zimathera pomwepo. Kwa agogo, kwa wa shuga, kwa wa BP, nkhani ndi ina. Ofufuza a ku Ontario m'dziko la Canada anaonetsa mu 2018 kuti m'sabata yoyamba munthu atapezeka ndi fuluwenza, chiopsezo choti mtsempha wa mtima utsekeke chimakwera kasanu ndi kamodzi. Izi anazipeza Covid-19 isanamveke n'komwe.

N'chifukwa chake m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, munthu wachikulire akabwera akunena kuti chimfine chatha koma pachifuwa pakumulemera ngati pakhala munthu, sitimubweza ndi mankhwala a chifuwa okha. Timamugoneka kaye, timuyeze mtima.

3. Mitima yambiri yomwe inagonja inali ikudwala kale mwakachetechete

"BP ndilibe ine, anesi," ankatero odwala ambiri tikamawalemba m'buku.

"Munayezetsa liti komaliza, bambo?"

"Aa, sindinayezetsepo. Sindidwaladwala ine."

Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi a iwo sankadziwa. BP ya zaka zambiri imakhuthalitsa mnofu wa mtima n'kuuumitsa. Mtima wotere umakwanitsa ntchito za tsiku ndi tsiku, koma ukakumana ndi sabata ziwiri za kutentha thupi ndi kuchepa mpweya umalephera.

Ngakhale kumayiko olemera zinali choncho. Ku London, odwala 148 omwe troponin yawo inakwera ali m'chipatala anawaunika mtima ndi makina a MRI patatha pafupifupi miyezi iwiri atatuluka. Oposa theka anali ndi chilema china pamtima, ndipo mwa omwe vuto lawo linali la mitsempha yothina kapena yotsekeka, ambiri anali asanauzidwepo kuti ali ndi matenda a mtima. N'kutheka kuti mwa ena kachirombo kanangoulula zomwe zinalipo kale.

Phunziro lake ndi lotsika mtengo: kuyezetsa BP ndi shuga uli bwinobwino, ndipo ukapatsidwa mankhwala, kumwa osadukiza. Mu 2020 kunamveka mphekesera yoti mankhwala a BP a mtundu wa enalapril amatsegulira kachirombo njira, ndipo ena anawasiya. Ku Brazil anayesa nkhaniyi pa odwala 659: ena anapitiriza kumwa, ena anawaimitsa kwa masiku 30, ndipo kusiya sikunapindulitse aliyense. Woimitsa mankhwala a mtima akhale dokotala amene wamuona wodwalayo, pa zifukwa monga BP kutsika kwambiri kapena impso kufooka.

4. Kachipangizo ka pachala kamathandiza, koma maso ndi wotchi zisagone

Nthawi ya mliri aliyense anadziwa kachipangizo kopanira pachala koyezera mpweya. Kakaonetsa 95 kupita m'mwamba, mitima ya abale inkakhala pansi. Komatu kachipangizoka kamayeza powalitsa kuwala kudutsa pakhungu, ndipo pakhungu lakuda kamatha kukometsa zinthu. Mu Disembala 2020, ofufuza a ku Michigan ku America anayerekeza zomwe kankaonetsa ndi mpweya weniweni wa m'magazi. Pomwe kankaonetsa 92 mpaka 96, pafupifupi 12 pa 100 alionse mwa miyezo ya odwala akuda inali yotsika moopsa, pansi pa 88. Kwa azungu inali yosakwana 4 pa 100. Zala zozizira ndi utoto wa m'zikhadabo nazonso zimakasokoneza.

Choncho ndinazolowera kuwerenga kapumidwe ndi wotchi. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Akafika 30, zinthu zavuta, kachipangizo kanene zomwe kanganene. Ndimamvetsera ngati akutha kumaliza chiganizo osaima pakati. Ndimayang'ana mitsempha ya m'khosi ngati yatupa atakhala tsonga. Ndimagwira pamkono kwa mphindi yathunthu, chifukwa mtima wogunda mosalongosoka, wodumphadumpha, umatha kuundanitsa magazi omwe akathamangira kuubongo amafoola ziwalo. Zipatala zambiri za m'maboma zilibe poyezera troponin, MRI ndiye osanena. Zala, maso ndi wotchi zilipo paliponse.

5. Mankhwala ena amapulumutsa, ena amaonjezera katundu pamtima

Mu Juni 2020, kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain anaonetsa kuti dexamethasone, mankhwala akale ndi otchipa, mamiligalamu 6 patsiku kwa masiku osaposa 10, amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu kwa odwala opumira makina, ndi gawo limodzi mwa asanu kwa olandira mpweya. Kwa omwe sankafunika mpweya sanathandize. Amakwezanso shuga, ndiye si ogula pawekha. Tinkabayanso odwala pamimba jakisoni woteteza magazi kuundana, ndipo ambiri ankadabwa kuti jakisoni wa pamimba akukhudzana bwanji ndi chifuwa.

Kumbali inayi kunali chloroquine. Ife tinakula naye. Malawi inamusiya ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993 n'kutenga Fansidar. Mphekesera itamveka kuti amachiza Covid-19, anthu anamusakasaka. Kafukufuku yemwe uja wa RECOVERY anayesa mbale wake, hydroxychloroquine, ndipo sanapeze phindu. Choipa n'chakuti mankhwala a mtundu umenewu amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, makamaka akaphatikizidwa ndi azithromycin.

Oopsa ena ali m'magolosale mwathu momwemu: Brufen, Indocid ndi diclofenac. Amasunga madzi ndi mchere m'thupi, amakweza BP, amalemetsa impso. Wa mtima wofooka akamva kuphwanya m'thupi, Panado ndiye wabwinoko.

Ndiye pali diripu. Abale akaona wodwala wawo wafooka amafunsa, "Bwanji simukumuika diripu, adokotala?" Kwa ambiri diripu ndiye chizindikiro choti chipatala chikugwira ntchito. Koma mtima wofooka sungathe kuyendetsa madzi oonjezerawo, ndipo amakathera m'mapapo momwe muli kale mavuto. Nthawi zina chithandizo chenicheni chimakhala jakisoni wa Lasix wochotsa madzi.

6. Mitima yambiri imachira

Ili ndi phunziro lomwe ndimakonda kuuza odwala, chifukwa mantha nawo amadwalitsa. Mu Julaye 2020 kunatuluka lipoti la ku Frankfurt ku Germany loti mwa anthu 100 ochira Covid-19, 78 anali ndi zachilendo pamtima atawaunika ndi MRI. Nkhaniyi inazungulira dziko lonse, anthu n'kumaganiza kuti aliyense wodwalapo watsala ndi mtima wolumala.

Kafukufuku wotsatira anabweza mitima m'malo. Mwa odwala 148 a ku London aja, omwe anadwala kwambiri ndipo mtima unavulaladi, pafupifupi 9 mwa 10 alionse mtima wawo unkapopa magazi bwinobwino pomwe ankawaunika. Ku America anayeza akatswiri a masewero 789 omwe anadwala Covid-19, ndipo asanu okha ndi omwe anapezeka ndi kutupa kwa mtima. Mtima womwe unafooka chifukwa cha kuchepa mpweya kapena kutupa umabwerera mwakale pang'onopang'ono, m'masabata kapena m'miyezi. Pomwe mnofu unafa chifukwa cha mtsempha wotsekeka pamatsala chipsera, koma mnofu wotsalawo, ukathandizidwa ndi mankhwala, umasenza ntchitoyo kwa zaka zambiri.

Izi sizikutanthauza kuti titayirire. Mu 2022, kafukufuku wa anthu oposa 150,000 omwe kale anali asilikali ku America anapeza kuti chiopsezo cha mtima kufooka, sitiroko ndi magazi kuundana chimakhalabe chokwera kwa chaka chathunthu munthu atadwala Covid-19, ndipo chimakwera kwambiri mwa omwe anagonekedwa. Chaka choyamba n'chofunika kuyang'anira.

7. Kupumula ndi mankhwala, ndipo ndi mankhwala odula kuposa onse

Mnyamata wina wa kabaza wa njinga yakapalasa, wa zaka za m'ma 30, anatuluka m'wodi akuoneka wamphamvu. Posakhalitsa anabwera kukiliniki atamugwirira mkazi wake. Anali atakomoka pachitunda, kasitomala ali kumbuyo. Sikani inaonetsa kuti mtima wake ukupopa mofooka, ndipo adokotala anati mnofu wake watupa. Anamuuza kuti asapalase kwa miyezi itatu, kenako adzamuunikenso.

Anakhala chete, akuzunguza chipewa m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Anesi, miyezi itatu ana azidya chiyani?"

Malangizo a akatswiri a mtima ndi omveka: mnofu wa mtima ukatupa, munthu apewe ntchito ndi masewero olemetsa kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, chifukwa mtima wotupa ukakakamizidwa umatha kusokonekera kagundidwe n'kuima mwadzidzidzi. Koma malangizowa sanena za lendi. Tinaitanitsa abale. Mlamu wake anavomera kutenga njinga n'kumagawana naye ndalama, iye n'kumakhala pabenchi la tomato la mkazi wake. Atabweranso kudzaunikidwa, mtima unali utabwerera pafupi ndi mwakale, ndipo adokotala anamulola kuyamba ndi maulendo a pafupi, opanda katundu.

Kuyambira pamenepo, nkhani ya kupumula ndimaikamba ndi banja lonse, ndipo timatchula ntchito imodziimodzi. Adzabandira ndani? Madzi adzatunga ndani? Nkhuni, kusinja, kuchapa? Amayi ndi omwe amavutika kwambiri, chifukwa akangofika pakhomo aliyense amaona ngati mwini ntchito wabwera. Wapantchito yolembedwa apemphe kalata ya dokotala asanatuluke.

Kupumula sikugona tsiku lonse. Kugona kosadzuka kumafoola minofu ndi kuundanitsa magazi m'miyendo. Wodwala ayambe ndi kuzungulira nyumba, kenako kufika pamsewu, kenako kutchalitchi kapena kumzikiti, akuonjezera pang'ono sabata iliyonse. Muyezo wake ndi kulankhula: ngati akutha kucheza akuyenda, ali bwino, mawu akayamba kuduka, aime. Abambo ena amatsalira anzawo atatuluka n'kufunsa chapansipansi za m'nyumba. Yankho lake n'lakuti munthu akamatha kuyenda ndawala kapena kukwera masitepe a nyumba zosanja ziwiri popanda befu kapena kupweteka pachifuwa, nthawi zambiri palibe choletsa, koma wa mtima wotupa ayambe wamva kwa dokotala. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

8. Zizindikiro za kunyumba azidziwe wosamalira wodwala

Mayi wina wachikulire anabwera naye mwana wake patatha mwezi atatuluka. Nsapato zinali zitasiya kulowa, anavala patapata. Ndinadina chala pamwamba pa kakolo, n'kuchotsa: panatsala kadzenje komwe sikanabwerere msanga. Ndinawafunsa kuti amagona bwanji.

"Ndimagona chokhala, mwanawe, nditatsamira thumba la chimanga. Ndikagona chagada ndimabanika."

Kunyumba anali atayamba kale kufufuza kuti anathira mchere m'ndiwo ndani, poganiza kuti ndi tsempho. Ena akatupa mapazi amati aponda mankhwala. Sindikangana ndi anthu pa zikhulupiriro zawo. Ndimangopempha kuti ayambe afika kuchipatala, chifukwa kutupa kwa mapazi onse awiri pamodzi ndi kubanika pogona ndi chizindikiro chodziwika cha mtima wofooka, ndipo mankhwala ake amagwira ntchito m'masiku ochepa.

Zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo ndi izi: kupweteka kapena kulemera pachifuwa kofalikira kumkono kapena kunsagwada; kukomoka; befu munthu atangokhala; kudzidzimuka usiku akusowa mpweya; mtima kugunda mothamanga ndi modumphadumpha; mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka; kutsokomola magazi; pakamwa kupotoka kapena mkono kufooka mwadzidzidzi. Komwe kuli sikelo, wodwala azidziyeza m'mawa uliwonse. Kukwera makilogalamu awiri m'masiku atatu ndi madzi, si kunenepa.

Pa za mchere, achibale aja sanaphonye kwenikweni, kungoti vuto ndi kuchuluka kwake, osati dzanja lothira. WHO imati munthu asapose magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Usipa wouma wothira mchere uyambe wanyikidwa m'madzi, soda wa m'therere ndi timakyubu tokometsera ndiwo zichepe, ndipo kamchere ka pambali pa mbale kachoke.

9. Katemera amatetezanso mtima

Katemera wa Covid-19 anafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ndipo ambiri anamuopa. Zoona zake n'zakuti mitundu ina, monga wa Pfizer, inatupitsa mtima mwa anyamata ochepa kwambiri, ndipo ambiri a iwo anachira msanga. Matendawo enieniwo amavulaza mitima yochuluka kuposa pamenepo. Za fuluwenza umboni wake ndi wolimba. Kafukufuku wotsogozedwa ndi madokotala a ku Sweden, yemwe anatuluka mu 2021, anatsatira anthu oposa 2,500 odwala mitsempha ya mtima. Patatha chaka, mwa omwe anabayidwa katemera wa fuluwenza anamwalira pafupifupi 3 pa 100 alionse, pomwe mwa osabayidwa anali pafupifupi 5. Kuno katemerayu sapezeka paliponse, koma abale athu okhala ku South Africa ndi ku Britain, komwe amaperekedwa chaka ndi chaka kwa achikulire ndi odwala mtima, asamamuzembe.

10. Musatuluke m'chipatala buku lili lopanda kanthu

Tsiku lotuluka limakhala la phuma. Galimoto ikudikira, katundu wamangidwa, wodwala akufuna nsima ya kwawo. Apa ndi pomwe gadiyani ayenera kuima kaye n'kufunsa, mwaulemu koma osachita manyazi, kuti zinthu zinayi zilembedwe m'buku la kuchipatala. Choyamba, ngati panaoneka vuto lililonse la mtima, ndi zomwe anapeza poyeza. Chachiwiri, mankhwala onse: atsopano ndi ati, akale opitiriza ndi ati, oimitsa ndi ati, ndipo akatha akatenge kuti ena. Chachitatu, ntchito zomwe wodwala asagwire, mpaka liti. Chachinayi, tsiku lobwerera kudzaonedwa, ngakhale atakhala kuti akupeza bwino.

Ambiri omwe amabwerera ali kayakaya amakhala kuti mankhwala anatha, n'kuganiza kuti chithandizo chathera pomwepo. Mankhwala a BP ndi a mtima wofooka ndi a nthawi yaitali, ena a moyo wonse. Wodwala akafika kukiliniki ndi buku lolembedwa zinthu zinayi izi, timadziwa poyambira ndipo timamuthandiza tsiku lomwelo. Akafika ndi buku longolembedwa kuti wachira, timayamba naye kufufuza pachiyambi, miyezi itapita kale.